Mapilitsi Amene Ndinapatsa Alamu

Lolemba, pa 6

Andigoneka lero m'mawa, bedi namba 8, wodi ya amuna, mbali ya odwala impso ndi chikhodzodzo. Mwana wanga wamkazi wandisiyira kope ili ndi bolopeni. Akuti, "Bambo, muzilemba zimene madokotala akunena, chifukwa inu mukamva chinthu mumawonjezera zanu." Mwana wachipongwe ameneyu, koma sananame.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira kuno. Milungu itatu yapitayo ndinakwera pampando m'sitolo yanga ya mankhwala kuti nditsitse katoni ya mabandeji. Mwendo wa mpando unathyoka, ine khuu pansi, nthiti kumenya pakona ya kauntala. Ndinkati ndingopaka mankhwala n'kugona, koma mwana yemweyu anandikokera kuchipatala. Nthiti zinapezeka zili bwinobwino. Wojambula uja, poyendetsa kachipangizo kake pamimba kuti aone ngati m'kati simukutuluka magazi, anaima pa impso ya kumanzere nthawi yaitali. Kachotupa. Masentimita atatu ndi theka. Makina aakulu ojambulira amene anandilowetsamo pambuyo pake nawo anavomereza kuti kakuoneka ngati khansa.

Paliponse sipakundipweteka. Chimenechi ndiye chikundinyansa: kugona pakati pa anthu obuula ine ndili gwa ngati chitsa.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikugulitsa mankhwala. Sukulu ya udokotala sindinaipondeko, ntchitoyi ndinaiphunzirira pakauntala ya bwana wina ndisanatsegule yanga. Koma kudera kwathu aliyense amati "adokotala," ndipo sindinaletsepo munthu.

Lachiwiri, pa 7

Magazi timabotolo titatu. Mkodzo. Bipi 148 pa 92. Kujambula chifuwa: mapapo oyera.

Ndadzutsidwa ndi mawu ochokera pabedi namba 7: "Kuno ndi ku bedi namba 7, nthawi yangokwana sikisi koloko. Nkhani mwachidule: tiyi wachedwa, a bedi namba 3 aliza mkonono mpaka mazenera kunjenjemera, ndipo talandira mlendo wonenepa amene akuti akudwala koma palibe akukhulupirira." Wodi yonse kuseka, ngakhale anamwino.

Onse amawatcha a Wayilesi. Zaka makumi atatu akhala akukonza mawayilesi ndi ma TV pamsika. Ndi munthu wamtali, koma wangotsala mafupa okhaokha, lamba wawo anachita kubooledwa mabowo atatu atsopano ndi msomali. Akazi awo amakhala pakampando cha kumiyendo, chete, kumangowakonzera bulangete. Ine andipatsa kale dzina, ndine "aneba."

Matenda athu ndi amodzi. Iwo impso ya kumanja.

Lachitatu, pa 8

Adokotala aakulu, mayi wamfupi wa magalasi, abwera ndi ophunzira asanu. Ndilembe monga ananenera, mwana wanga asadzati ndawonjezera. Khansa ya impso imakula mwakachetechete. Ikapezeka mwangozi, munthu akujambulidwa pa zifukwa zina, nthawi zambiri imakhala ikadali yaing'ono, isanatuluke mu impso, ndipo mwa anthu khumi otere pafupifupi asanu ndi anayi amakhala ali moyo pakatha zaka zisanu. Ikadikira mpaka munthu ayambe kuonda, kumva kupweteka m'nthiti ndi kukodza magazi kawirikawiri, nthawi zambiri imakhala itayenda kale. Kenako anandiloza n'kuuza ophunzira aja, "Bambo awa athokoze mpando wawo." Opaleshoni yanga ndi Lolemba. Adzadula kachigawo kokha, impso yotsalayo idzakhala.

Atafika pabedi namba 7 anatsitsa mawu, koma katani si khoma. Masentimita khumi ndi atatu. Yafika m'mapapo ndi m'fupa la msana. Mpeni sungathandizenso.

Atachoka, a Wayilesi anatembenukira kwa ine. "Aneba, inu munagwa bwino. Ine zanga zinayamba zaka ziwiri zapitazo. Tsiku lina ndikukodza, ndangoona mkodzo psuu, koma osapweteka ngakhale pang'ono. Ndinathamangira ku kasitolo ka mankhwala ka kwathu. Mwini wake sanachedwe n'komwe, akuti, likodzo limenelo, akulu. Mapilitsi anayi akuluakulu, kumwa kamodzi. Patatha masiku atatu magazi zii. Ndinati munthuyu ndi katswiri. Patatha miyezi inayi abweranso, ine ulendo konkuja. Kasanu konse, aneba. Kuno ndiye andiuza kuti magazi a khansa amabwera n'kusiya okha, umwe mapilitsi usamwe."

Kenako anafunsa kuti ine ndimagwira ntchito yanji. Ndinati ndili ndi kagolosale, sopo, machesi, tinthu totero.

Chakudya cha masana sindinadye. Mawu aja, "likodzo limenelo," ndi anga enieni, ndawanena kosawerengeka pakauntala panga. Ndipo ndawanena katatu kwa alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene amameta anthu pafupi ndi depoti ya mabasi. Koyamba kanali chaka chatha mvula itangotha. Magazi osapweteka. Mapilitsi anayi, ndi manja angawa.

Lachinayi, pa 9

Bipi 156 pa 95. Anamwino akuti ndisamaganize kwambiri.

Ndawaimbira alamu. Kumbuyo kunkamveka makina ometera.

"Alamu, nkhani ija ya mkodzo, bwerani akujambuleni."

Anaseka mpaka kutsokomola, chifuwa chawo cha fodya chija. "Alamu, mpeni wa Lolemba wakuopsani eti? Inu nomwe munanena kuti ndi likodzo, ndinamwa, zinasiya. Ndiye ndikataye tsiku lonse pamzere chifukwa chiyani? Ndili ndi mutu wa munthu m'manja pano, tilankhulana." Foni thii.

Masana akazi anga anabweretsa mpunga ndi nkhuku, nthochi, ndi tiyi m'fulasiki. Ndinagawira a Wayilesi, anangolawa msuzi. Tikudya, panatulukira mayi wina wa mumsewu mwathu, kasitomala wakalekale, mawu ake ngati belu la sukulu. "Iii adokotala athu! Mwatisiya ndi ndani? Sitolo ija popanda inu anthu tikuvutika, mwana akatentha thupi tilibe wotiuza mankhwala!"

Sindinayang'ane kubedi namba 7. Ndinangomva supuni ikuikidwa pambale pang'onopang'ono.

Lachisanu, pa 10

Sikisi koloko yakwana popanda nkhani mwachidule. A bedi namba 3 anafunsa ngati mabatire atha, palibe anaseka.

Dokotala wogonetsa anthu wabwera kudzandiona pakamwa ndi kumvetsera mtima. Lamulungu ndisadye chilichonse kuyambira madzulo. Ndasayina pepala.

Cha m'ma teni akazi a a Wayilesi anapita kukachapa. Ndinatsika pabedi n'kukhala pakampando kawo. Ndinati, "Achimwene, ndinakunamizani. Ndimagulitsa mankhwala. Mapilitsi amene munamwa aja inenso ndimapereka, mawu ake omwewo."

Anayankha maso ali kudenga. "Ndinamva dzulo. Ndimafuna ndione ngati mubwere nokha." Anapuma kaye, mpweya ukuwavuta masiku ano. "Mukudziwa, uja anandigulitsa ine sanali munthu woipa. Ankandipatsa ndi madzi omwera, kundifunsa za ana. Ndayesetsa kudana naye, zikukanika. Anthu abwino ngati inu ndi amene mwatimaliza, chifukwa woipa tikanamukayikira."

Manyazi anandigwira ngati mwana wopezeka dzanja lili m'shuga.

"Mwapatsa angati?"

Ndinati sindingawerenge. Ambiri linalidi likodzo, ana osambira m'madambo, asodzi. Koma ena anali akuluakulu osaponda m'madzi, ndipo sindinafunsepo.

"Amene mukumudziwa pomwe ali?"

"Alamu anga."

"Ndiye mwakhaliranji pampando wa akazi anga? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, aneba."

Loweruka, pa 11

Ndawauza akazi anga. Ndinayamba mozungulira, za khansa, za mwayi wanga, iwo anati, "Bambo, lasani nkhani." Nditamaliza anatseka fulasiki mwamphamvu mpaka ndinaopa kuti chivindikiro chithyoka. Mlongo wawoyu anamulera okha mayi awo atamwalira, ndi yekhayo wotsala.

"Katatu?"

"Katatu."

"Ine ndili pomwepo ndikukulungira mapilitsiwo m'pepala." Sanalire. Anatenga mbale zawo n'kumapita, nthawi yoona odwala isanathe.

Madzulo anaimba foni. Anapita komwe alamu amametera kuja, koma akana zokajambulidwa. Akuti, "Alamu ndi dokotala, ananena kale." Dzina limene ndakhala ndikulinyadira zaka zonsezi ndi lomwe latseka pakhomo.

Lamulungu, pa 12

Alamu abwera masana, malalanje m'jumbo, makina ometera m'thumba. Akuti mlamu wawo sangalowe ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni ndi tsitsi ngati chisa cha mbalame. Anandikhazika pampando pafupi ndi zenera, kundikulunga thawulo, nthabwala zili m'kamwa. Ndikati nditchule za kujambula, iwo amandipendeketsa mutu, "Musagwedezeke alamu, ndingakuchotseni khutu madokotala asanayambe zawo."

Atamaliza, a Wayilesi anakweza dzanja. "Ameti, nanga ife a bedi namba 7 tinalakwanji?"

Alamu ndi munthu wamtima wabwino. Anawadzutsa mosamala, kuwatsamiritsa pamapilo awiri, n'kuyamba. Wometa akayamba mutu sangausiye pakati, ndipo a Wayilesi ankadziwa zimenezo. Anadikira mpaka mbali imodzi itatha, ndiye anayamba kufotokoza, mawu otsika, opanda nthabwala. Mkodzo wofiira wosapweteka. Mapilitsi anayi. Masiku atatu, zii. Miyezi inayi, abweranso. Makina aja anayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Mayi, tawaonetsani," anatero kwa akazi awo. Mayi aja anaweramira pansi pa bedi n'kukweza kathumba kamene kamalandira mkodzo kuchokera m'kapaipi. Kanali kofiira ngati madzi otsukira nyama.

Alamu anati, "Koma zanga ndi zina. Alamu anga ndi dokotala, anandiona."

Apa ndinaimirira, thawulo likadali m'khosi, ndipo ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndinkafunira, moti wodi yonse inatembenuka. "Alamu, ine si dokotala. Sindinakhalepo dokotala. Sindinakuyezeni chilichonse, ndinangolota. Ndine wogulitsa mapilitsi amene anagwa pampando, basi."

A bedi namba 3 ndiwo anati, "Ayi, nkhani zabwerera pa wayilesi."

Alamu anamaliza kumeta, kusasa tsitsi pamapewa a a Wayilesi ndi kabulashi kawo, kulongedza makina. A Wayilesi anati, "Wakutsina khutu ndi mnansi, ameti." Alamu anangoti, "Mugone bwino nonse," n'kutuluka. Sanalonjeze kanthu.

Kuyambira sikisi koloko madzulo sindidya. Mantha ndili nawo, koma si a mpeni okha.

Lolemba, pa 13

Andiveka chovala chotsegula kumbuyo. A Wayilesi alengeza kuti mlendo wonenepa uja akupita kukachepetsedwa. Akazi anga andigwira dzanja mpaka pachitseko, osalankhula.

Lachiwiri, pa 14

Ndili moyo. Kupweteka. Ludzu. Mapaipi awiri.

Lachitatu, pa 15

Adula kachigawo, impso yatsala ndipo ikugwira ntchito. Kachotupa kapita kokayezedwa, zotsatira pakatha milungu iwiri kapena itatu. Adokotala akuti m'mphepete monse munkaoneka moyera. Diripi achotsa masana. Phala masupuni asanu. Ndayenda mpaka pazenera anamwino atandigwira.

Alamu sanabwere. Foni sakuyankha.

A Wayilesi ali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Nkhani za m'mawa zinali mizere iwiri yokha, ndipo a bedi namba 3 anachita kutsika kuti amve.

Lachinayi, pa 16

A Wayilesi awatulutsa lero. Sikuti achira. Adokotala anakhala pansi ndi akazi awo nthawi yaitali, n'kuwapatsa botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu, kuwaonetsa muyeso wake ndi maola ake. Iwo eni anapempha kuti akagone pabedi lawo, pomwe angamamve phokoso la zidzukulu.

Ali panjinga ya odwala anapempha kope langali, akazi awo n'kulemba nambala ya foni pachikuto. Ikuoneka apa, yolembedwa mopendekeka.

"Aneba, ameti aja akabwera mundiuze. Ndalengeza za tiyi wochedwa mwezi wathunthu, ndikufuna nkhani imodzi yeniyeni."

Ndinafuna kupepesa, sindikudziwa kuti m'malo mwa ndani. Anandidula. "Musandililire ine, mungang'ambe ulusi." Mutu wawo unali wometedwa bwino, mzere wa pachipumi wowongoka. Wodi yonse inawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo.

Anamwino achotsa nsalu pabedi namba 7, apukuta matiresi. Ndalira, ndipo ulusi unapwetekadi.

Lachisanu, pa 17

Thupi latentha pang'ono, 38.1. Jakisoni katatu pa tsiku. Kutuluka kwanga akusuntha mpaka sabata yamawa. Paipi ya pabala achotsa.

Alamu zii. Mwana wanga akuti ndisiye kuimba, ndikuwathawitsa.

Loweruka, pa 18

37.4. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde kawiri. Akazi anga abweretsa msuzi wa nkhuku ndi buledi. Akundilankhula tsopano, koma za chakudya ndi zochapa zokha. Sitolo akuyang'anira ndi iwo. Akuti katoni yonse ya mapilitsi aja aitsitsa pashelefu n'kuitsekera m'kabati kunyumba, kiyi ali m'chikwama chawo. Sanandifunse, ndipo ine sindinatsutse.

Ndikuganiza za anthu ena aja amene sindikuwakumbuka nkhope. Ndauza mwana wanga alembe pepala lalikulu amate pakauntala: wokodza magazi apite kuchipatala akamuyeze kaye, pano palibe dokotala. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Mzere womalizawo ndilembedi?" Ndinati aulembe ndi zilembo zazikulu.

Lamulungu, pa 19

36.9. Tsiku lopanda nkhani. Bedi namba 7 likadali lopanda munthu.

Lolemba, pa 20

Ndilembe mwadongosolo.

Magazi aja anabweranso mumkodzo wa alamu dzulo. Alamu m'mawa uno analawirira kusitolo, osati kuchipatala, kukafuna mapilitsi aja kachinayi. Anapeza alongo awo pakauntala, pepala lija lili pamphuno pawo. Akazi anga akuti sanakangane nawo. Anangotseka sitolo, kuwagwira pamkono monga ankachitira popita nawo ku sukulu, mpaka m'basi.

Cha m'ma leveni mwana wanga anabwera kudzandiuza kuti alamu ali pabenchi ya kojambulira. Ndinapita ndekha, dzanja lili pabala, pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ndinawapeza atagwira botolo lalikulu la madzi, awauza kuti amwe lonse chikhodzodzo chidzaze. Nkhope yagwa, nthabwala zonse zauma.

"Alamu, akandipeza nacho?"

Pakamwa panga panayamba kale kukonza yankho, chizolowezi cha zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinadzigwira. "Sindikudziwa, alamu. Tidikire odziwa."

Tinadikira maola awiri. Impso zonse ziwiri zili bwino. Koma m'chikhodzodzo muli kachotupa, masentimita awiri ndi theka. Adokotala a magalasi aja anabwera okha kudzaona chithunzi. Akuti fodya ndiye amakonda kubweretsa zimenezi, ndipo kakuoneka ngati kakadali pamwamba, sikanalowe m'khoma, koma adzatsimikiza akakachotsa. Adzalowetsa kachipangizo kopyolera m'njira ya mkodzo n'kukapala, popanda kung'amba mimba. Anafunsa kuti magazi anayamba liti. Alamu anandiyang'ana, ndiye ndinayankha ndine: chaka chatha mvula itangotha, ndipo amene anawachedwetsa ndi ine. Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chaka chimenecho sitingachibweze. Koma mwafika tikadali ndi chochita."

Akazi anga anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kulira, koyamba chiyambire zonsezi. Atatha anandipatsa mpango wawo kuti ndipukute nkhope yanga, osandiyang'ana. Alamu adzawagoneka Lachitatu. Anamwino akuti bedi lopanda munthu ndi limodzi lokha, namba 7.

Nditabwerera kuwodi ndinatsegula chikuto cha kope ili n'kuimba. Anayankha akazi a a Wayilesi. Akuti kuyambira dzulo sakudya, sakulankhula, amangotsegula maso pang'ono zidzukulu zikalowa. Ndinapempha kuti aike foni pakhutu pawo. Ndinamva kupuma, kolemera, kotalikirana.

Ndinakonza kukhosi. A bedi namba 3 anadzuka n'kukhala tsonga.

"Kuno ndi ku bedi namba 8. Nkhani mwachidule: ameti aja abwera. Awajambula, achipeza chikadali chaching'ono, achichotsa sabata ino. Tiyi wachedwa monga mwa masiku onse. Nkhani zathera pamenepa."

Kupuma kokha. Ndinaganiza kuti sanamve, ndipo ndinali pafupi kutsanzika kwa mayi aja. Kenako kunabwera mawu, aang'ono ngati ochokera pansi pa bulangete.

"Aneba... nthawi... simunanene."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, maso osaona bwino, n'kuwauza. Inali itangopitirira folo koloko.